Blush wonyezimira pa khungu lathu: mugule uti, musiye uti?

Chaka china mu Okutobala ndinaphoda atsikana asanu operekeza mkwatibwi. Mkwatibwiyo anabwera ndi kabokosi kake ka blush, utoto wopaka m'masaya, kamene mlamu wake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg, n'kunena kuti onse asanuwo apake yemweyo kuti afanane. Anali wa pinki wolowera ku mtundu wa pichesi, wokhala ndi tonyezimira ta golide, ndipo m'kabokosimo ankaoneka bwino zedi. Pa mtsikana woyera kwambiri pagulupo anatuluka monga analili m'kabokosi. Pa awiri oderapo pinki uja anasowa, panangotsala golide yekha. Pa awiri akuda bii m'pamene zinavuta: masaya anatuwa mbuu, ngati anthu ochokera kuchigayo. Ndinawapukuta n'kuyambiranso, galimoto ya akwati ikuliza kale hutala panja.

Kabokosi kamodzi, nkhope zisanu, zotsatira zitatu. Ndiye musanagule blush chifukwa mwamuona pa tsaya la munthu wina pa TikTok, tiyeni tiyerekeze mitundu imene ilipo. Pakamwa pathu blush ndi burashi zimatuluka chimodzimodzi, moti musitolo mukapempha "bulashi" akhoza kukupatsani chopakira pomwe inu mukufuna chopakacho. Muno blush ndi utoto wa m'masaya, burashi ndi chopakira.

Zoyang'ana musanatulutse ndalama

Choyamba ndi chimene chili m'kabokosimo. Blush waufa wonyezimira ali ndi zinthu zitatu zikuluzikulu: ufa womangira, womwe kawirikawiri ndi talc (ufa woyera wosalala), utoto, ndi mica. Mica mumaidziwa kale. Ndi tinthu tija timang'anima mumchenga wa m'mbali mwa mtsinje dzuwa likaswa mtengo. Opanga zodzoladzola amaipera n'kuikuta ndi titanium dioxide kapena iron oxide kuti izinyezimira ngati siliva, golide kapena mkuwa. Utoto ndi umene umapereka mtundu, pomwe mica ntchito yake n'kubweza kuwala basi. Pa khungu loyera, utoto wopepuka umaoneka chifukwa ndi woderapo kuposa khungulo. Pa khungu lakuda, utoto womwewo ndi woyera kuposa khungu, ndiye umangokhala pamwamba ngati choko pa bolodi. Kutuwa kumene tikudandaula nako kumachokera pamenepa, makamaka ngati pinkiyo anapangidwa posungunula utoto wofiira ndi ufa woyera wambiri.

Kuseri kwa kabokosi mupeza manambala: CI 77891 ndi titanium dioxide yoyera ija, CI 77491 ndi iron oxide yofiira, CI 77019 ndi mica, ndipo CI 75470 ndi carmine, utoto wofiira wochokera ku tizilombo totchedwa cochineal. Komabe manambalawa kawirikawiri amawaunjika kumapeto osanena kuchuluka kwake, choncho chala chanu chikuuzani zambiri kuposa iwo. Gusani kamodzi, pakani pansi pa tsaya pafupi ndi chibwano, tulukani panja. Osayesera mkati mwa mkono, chifukwa ambiri a ife pamenepo m'poyera kuposa nkhope. Ngati mtundu ukuoneka mutapaka kamodzi, utoto ulimo. Ngati mukufunika kubwereza kanayi, mukugula talc.

Chachiwiri ndi khungu lanu, ndipo apa sikungoti woyera kapena wakuda. Anthu awiri akuda mofanana, wina khungu lake limalowera kofiira, wina kwa chikasu, wina limachita ngati lili ndi kabuluu pansi pake. Njira yachidule ndi ndolo. Ngati ndolo za golide zimakukhalani kuposa za siliva, tonyezimira ta golide ndi mkuwa tikukhalaninso. Ngati siliva ndiye amakuwalitsani, yang'anani mitundu yolowera ku nthudza yakupsa kapena ku chidede.

Chachitatu ndi mmene tsaya lanu lilili. Kunyezimira sikubisa kanthu. Kuwala kukagunda pa tsaya losalala kumabwerera bwinobwino, koma kukagunda pa ziphuphu, pa timabowo ta pakhungu kapena pa zipsera zotukuka, kalikonse kamadzionetsa ndi kamthunzi kake. Khungu lamafuta limanyezimira kale lokha pofika masana.

Chomaliza ndi kumene mukupita. Nyali za musitolo zimanama, dzuwa silinama, ndipo flash ya wojambula zithunzi imakokomeza chilichonse choyera chimene chili pankhope. Mtundu uliwonse m'munsimu ndauyeza pa mtengo, kupezeka, kasamalidwe ndi zovuta zake.

1. Waufa wonyezimira wopepuka: pinki wa pichesi ndi golide

Uyu ndiye wa m'kabokosi ka mkwatibwi uja. Anatchuka ndi blush wotchedwa Orgasm wa kampani ya NARS, amene François Nars anamutulutsa mu 1999, ndipo kuchokera pamenepo pafupifupi kampani iliyonse ili ndi wake wofanana naye. Luminoso wa Milani ndi mmodzi mwa otchipa odziwika, ngakhale iye amalowera kwambiri ku pichesi kusiyana ndi ku pinki.

Pa khungu loyera ngati la azungu, la anthu achialubino kapena la makaladi oyera, pinki ndi golide zimaoneka zonse, ndipo kugusa kamodzi n'kokwanira. Pa khungu lofiirira pinki amachepa mphamvu, golide amakula. Sikuti zimaipa ayi, kungoti mwagula highlighter, chodzola chongonyezimiritsa tsaya, pa dzina la blush. Pa khungu lakuda kwambiri pinki saonekanso, ndipo zimene zitsale zimadalira kakulidwe ka mica. Ikakhala yosalala kwambiri mupeza kuwala kwa golide pamwamba pa tsaya, kokongola ndithu ngati pansi pake mwayamba mwapaka mtundu wina wakuya. Ikakhala ya timibulu tikulutikulu komanso ufa woyera uli wambiri, mwatuwa.

Mtengo: wa NARS ku America amadutsa madola 30, wa Milani safika theka la pamenepo. Kuyambira pomwe kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula ndi madola kapena marandi chimafika kuno chitalemera. Munthu akamakugulitsani "NARS" pa mtengo wa mbale ya chipisi, musafunsenso kuti ndi weniweni kapena ayi.

Kupezeka: mtundu wake uli paliponse. Timabokosi totchipa ta mitundu isanu ndi umodzi kapena khumi, timene amalonda amapikula ku Dar es Salaam, ku Johannesburg ndi ku China, timadzaza ndi pinki wopepuka yemweyu. Wa dzina weniweni kawirikawiri amabwera m'chikwama cha wachibale wapaulendo.

Kasamalidwe: ufa umakhalitsa. Pakabokosi pamakhala chithunzi cha kabotolo kotsekula cholembedwa 24M kapena 12M, kutanthauza miyezi imene mungagwiritse ntchito mutatsekula. Mdani wake ndi simenti. Akagwa n'kusweka, phwanyani zidutswazo zikhale ufa, dontheziranimo sipiriti wa kufamase, tsindirani ndi supuni pamwamba pa kapepala kofewa, n'kusiya usiku wonse kuti aume. Pamwamba pakachita chikhungwa cholimba, amenewo ndi mafuta a nkhope amene burashi yabweretsa. Matanipo selotepi n'kumatula.

Zovuta: kutuwa pa zithunzi, kuonetsa ziphuphu, ndi zachinyengo. Zodzoladzola zachinyengo zimene zayezedwapo m'mayiko osiyanasiyana zapezekapo ndi mtovu, mercury ndi tizilombo toyambitsa matenda, ndipo mitundu yotchuka ngati uwu ndi imene achinyengo amaikonda. Kwa abale athu achialubino pali chinanso: blush sateteza kudzuwa ngakhale pang'ono. Mafuta oteteza kudzuwa ayambe, aume, blush abwere pambuyo.

2. Waufa wonyezimira wakuya: njerwa yowotcha, mkuwa, nthudza

Ndikanati ndisankhire mtundu umodzi wokha amayi ambiri amene ndimakumana nawo, ndikanasankha pano. M'kabokosi amaopsa. Taj Mahal wa NARS, mwachitsanzo, ndi olenji wopserera wokhala ndi golide, ndipo munthu akamuona koyamba amati, "Ameneyu ndipake ine? Ndioneke ngati papaya?" Koma khungu lakuda limameza gawo lalikulu la utotowo, n'kutsala kutentha kokoma ngati kwa munthu amene wakhala pafupi ndi moto. Golide wake amagwirizana ndi khungu m'malo mokhala pamwamba.

Pa khungu lofiirira lolowera ku chikasu, olenji wopserera ndi mtundu wa dothi la katondo zimakhala bwino kwambiri. Pa khungu lakuda lolowera kofiira, mkuwa ndi njerwa. Pa lakuda bii lokhala ndi kabuluu kaja, nthudza yakupsa kapena kufiira kwa chidede, tonyezimira take tikhale ta mkuwa kapena tofiira, osati toyera. Pa khungu loyera mitundu yonseyi imalemera msanga, ndipo nthudza imatha kuoneka ngati munthu wamenyedwa. Zimatheka, koma ndi burashi yaikulu yofewa komanso dzanja lopepuka.

Pali phindu lina limene ambiri salidziwa. Madontho akuda otsala ziphuphu zikapola, amene khungu lathu limasunga kwa miyezi, amaoneka otuwa mukawaphimba ndi pinki wopepuka. Olenji amachepetsa kutuwako, n'chifukwa chake ophoda amapaka olenji pansi pa maso asanapake foundation, chodzola chofanana ndi khungu chophimba nkhope yonse.

Mtengo: palibe kusiyana ndi wopepuka wa kampani yomweyo. Nkhani yabwino ndi yoti makampani amene anayambira pa khungu lakuda si odula kwambiri. Juvia's Place, imene anaiyambitsa Chichi Eburu wobadwira ku Nigeria, Black Opal ya ku America, Sleek ya ku Britain ndi Zaron ya ku Nigeria, onsewa ali pansi pa NARS ndi MAC pa mtengo. Ndipo poti utoto ndi wamphamvu, kabokosi kamodzi kamatha chaka osaona pansi pake.

Kupezeka: apa ndiye pali ntchito. Opikula ambiri amatenga chimene chawunjikidwa pafupi, ndipo chowunjikidwacho ndi pinki. Amene muli ku South Africa yang'anani m'masitolo a Clicks ndi Dis-Chem, a ku Britain ku Superdrug ndi ku Boots. Amene muli ku Mzuzu, ku Chipata kapena ku Tete, mufunika kumuuza wogulitsa wa pa WhatsApp dzina lenileni la mtundu, ndipo akutumizireni chithunzi atapaka padzanja lake panja, osati chithunzi cha pa intaneti. Njira yachidule ilipo: m'kabokosi kanu ka eyeshadow, utoto wopaka pazikope, mwina muli kale olenji wopserera kapena mkuwa amene simumugwira. Wa m'maso mukhoza kupaka m'masaya. Koma wa m'masaya musamapake m'maso mwachisawawa, chifukwa utoto wina wofiira suloledwa pafupi ndi diso.

Kasamalidwe: monga wa ufa aliyense, kungoti amadetsa burashi kwambiri. Muziichapa kamodzi pa sabata ndi sopo wosawawa kapena shampu ya ana, n'kuigoneka chopingasa kuti madzi asalowe m'chitsulo n'kusungunula guluu.

Zovuta: kuchulutsa. Gusani, gogodani burashi padzanja kuti ufa wowonjezera ugwe, pakani, bwererani m'mbuyo mudzione pakalilole, kenako muwonjezere ngati pakufunika. Amathimbiriranso nsalu zoyera, ndipo paukwati pamene aliyense akukumbatira mkwatibwi, zimenezi si nkhani yaing'ono. Kunyezimira kukakumana ndi thukuta la ku Nsanje kapena ku Salima mu Okutobala, nkhope imaoneka ngati mwadzola mafuta ophikira. Pali ndi nkhani ya chikumbumtima: mica yambiri imakumbidwa ku India, m'zigawo za Jharkhand ndi Bihar, komanso ku Madagascar, kumene kwapezeka ana akugwira ntchito m'migodi. Makampani ena amagwiritsa ntchito yopanga kufakitale, imene pakabokosi imalembedwa kuti synthetic fluorphlogopite.

3. Waufa wosanyezimira

Uyu sachititsa chidwi m'kabokosi, koma sakhumudwitsa kawirikawiri. Popeza mulibe chobweza kuwala, chimene mukuona ndi utoto wokha. Raizin wa MAC, wofiirira wolowera ku bulauni, wakhala bwenzi la akhungu lakuda kwa zaka zambiri. Exhibit A wa NARS ndi wofiira psuu m'kabokosi, koma pa khungu lakuda bii amangooneka ngati magazi akuyenda bwino. Lamulo la choko pa bolodi likugwirabe ntchito: pinki wopepuka wosanyezimira amatuwitsa kuposanso wonyezimira, chifukwa palibe ngakhale golide woti akupulumutseni.

Mtengo: chimodzimodzi ndi wonyezimira. Mukafuna kuwala mufunika highlighter padera, ndiye ndi zinthu ziwiri, koma mumadzisankhira nokha pamene kuwala kukhale ndi tsiku limene mukukufuna.

Kupezeka: makampani otchipa ngati Essence ndi Catrice a ku Germany amakhala naye, ngakhale mitundu yawo yakuya si yambiri.

Kasamalidwe: palibe chachilendo.

Zovuta: pa khungu louma, makamaka mu Juni ndi Julaye chiperoni chikamawomba, amagwira pa timamba ta khungu n'kuchita mawangamawanga. Dzolani mafuta a nkhope kaye, mudikire alowe.

4. Wa kirimu ndi wamadzi

Awa afala kuyambira 2020, chaka chimene Fenty Beauty ya Rihanna inatulutsa Cheeks Out wa kirimu, ndipo Rare Beauty ya Selena Gomez inayamba ndi Soft Pinch wamadzi. Ubwino wawo pa khungu lakuda ndi wosavuta kumvetsa. Utoto umayenda m'mafuta kapena m'madzi, osati mu ufa woyera, ndiye umalowerera m'khungu m'malo mokhala pamwamba. Kuwala kwake kumachokera ku chinyezi, osati ku timiyala ta mica, choncho sikutuwitsa. Pa khungu loyera amaoneka mwamphamvu, pa lofiirira amaoneka ngati ndi anu obadwa nawo, pa lakuda bii mufunikabe mtundu wakuya, koma ngakhale mutalakwitsa pang'ono simufika pa nkhani ya kuchigayo ija.

Mtengo: a mayina awiriwa ali pakati pa madola 20 ndi 30 ku America. Wamadzi wa Rare Beauty ndi wamphamvu moti kadontho kamodzi kamakwanira tsaya lonse, ena amagawa kadonthoko masaya onse awiri.

Kupezeka: enieni ndi ovuta kupeza kwathu kuno, ofanizira ndi achinyengo ndi mbwee. Zamadzi zachinyengo ndimaziopa kuposa zaufa, chifukwa tizilombo timaswana m'chinyezi.

Kasamalidwe: apa m'pamene amagonjera waufa. Ambiri amalembedwa 12M. Kirimu wosiyidwa m'chikwama pawindo la minibasi amasungunuka, akauma sabwereranso mmene analili. Sungani pamthunzi, tsekani bwino, sambani m'manja musanapisemo chala, ndipo fungo likasintha tayani.

Zovuta: pa khungu lamafuta amatsetsereka pofika masana. Mukapaka pamwamba pa nkhope yothira kale ufa amachita zigamba, ndiye dongosolo lake ndi foundation, kirimu, kenako ufa. Ndinenenso ichi ngakhale ena sakonda kumva: khungu limene ladzoledwa mafuta oyeretsa kwa nthawi yaitali, makamaka okhala ndi mankhwala amphamvu a steroid ngati clobetasol, limapyapyala, limafiira m'masaya ndipo timitsempha timaonekera. Pamenepo blush aliyense wofiira amangowonjezera kufiirako, ndipo kutikita kirimu kumanyerenyesa. Khungu lotero likufunika dokotala wa khungu kuposa blush.

5. Lipisitiki

Amayi athu ankachita zimenezi blush asanafike m'masitolo, ndipo zimagwirabe ntchito. Mitundu yakuya imene ikusowa pa blush, pa lipisitiki ili ponseponse: yofiira ngati njerwa, ya nthudza, ya bulauni.

Mtengo: palibe, ngati muli nayo kale. Kupezeka: sitolo iliyonse ya zodzoladzola. Kasamalidwe: musapake molunjika kuchokera pamlomo kupita patsaya. Palani pang'ono kuseri kwa dzanja, sungunulani ndi chala, kenako dindani patsaya. Zovuta: phula ndi mafuta ake zimatha kutseka timabowo ta pakhungu, ndiye amene mumatuluka ziphuphu msanga isakhale ya tsiku ndi tsiku. Yamadzi ija youma gwa pamlomo imauma musanamalize kuisalaza, n'kusiya chidindo cha chala.

Uti wa ndani

Ngati ndinu woyera, khungu lanu ndi losalala, ndipo mukufuna kabokosi kamodzi ka kuntchito ndi kutchalitchi, pinki wa pichesi ndi golide akukwanirani, ndipo wotchipa wa kampani yodziwika aposa wa dzina lalikulu wokayikitsa.

Ngati ndinu wofiirira kapena woderapo ndipo pinki uja munagula kale, musamutaye. Gulani wosanyezimira wa mtundu wa katondo, mupake pansi, pinki wagolideyo mugusitse pamwamba pa fupa la tsaya pokha.

Ngati ndinu wakuda bii, dutsani pa shelefu ya pinki osaima. Pa chinkhoswe, pa bridal shower kapena paphwando la usiku, wonyezimira wa mkuwa kapena wa nthudza. Kuntchito masana, wosanyezimira wofiira kwambiri, wopaka pang'ono.

Wa khungu lamafuta kapena wa ziphuphu, komanso aliyense wokhala kumalo otentha a kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, atenge wosanyezimira. Wa khungu louma, wachikulire amene makwinya ayamba, ndi amene muli kunja kozizira ngati ku Britain, wa kirimu. Mtsikana wa pasukulu amene ndalama yake ndi ya sopo, lipisitiki ya mtundu wa njerwa imuchitira zonse ziwiri.

Kwa akwati, funsani wokuphodani akuyeseni sabata imodzi ukwati usanachitike, mujambulitse pafoni kawiri, panja padzuwa ndi m'nyumba ndi flash. Ndipo operekeza anu akakhala a khungu losiyana, musawakakamize kabokosi kamodzi. Ine masiku ano ndimanyamula atatu, wa pichesi, wa katondo ndi wa nthudza, onse okhala ndi golide wofanana. Pa chithunzi atsikana onse amaoneka ngati apaka mmodzi.